Timatuza Tomwe Ndinabisira NaBanda

Izi sindinauzepo munthu wakunja. Timatuza titandituluka kumaliseche, ndinamukaniza mkazi wanga, NaBanda, kundimeta monga amachitira. Ndinkaopa kuti tchimo langa lakale, la mkazi wina wa ku esiteti ya tiyi, labwerera.

Usiku wina ndinalota ndili m'munda wa tiyi ndilibe chovala, timatuza titasanduka timaluwa toyera, tonunkhira. NaBanda anabwera atavala diresi la ukwati wathu, lezala lili m'manja. Zala zake zinali zofunda. Ankathyola timaluwato kamodzikamodzi n'kumaponya m'dengu.

“Bambo a Chisomo, mukubisira ndani?” anandifunsa akuseka. “Thupi limeneli ndalisamala zaka zonsezi.”

Kodi ankadziwa kalekale? Mpaka lero ndimadzifunsa.

Kutacha ndinamuonetsa, ndinamuuza zonse. Kenaka ndinatenga mabuku athu awiri a kuchipatala, ndinamupempha kuti tikayezetse limodzi.