Mtengo wa Mchombo pa Linga la Uluivatu

Anatsika basi ya alendo pomalizira penipeni, ndipo sanajambule kalikonse. Anzake, azungu a ku Sidine, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, ofiira makosi ndi dzuwa, anali atayamba kale kulozetsa mafoni kuphiri, koma iye anangoima m'mbali mwa msewu akuyang'ana minda ya nzimbe. Anali wa khungu lathu, wandevu zosamalidwa, wovala magalasi akuda. Asanafike n'komwe pachikwangwani chouza alendo kuti avule zipewa, chake chinali kale m'manja.

"Uyu ndi wanga," anatero Vasemaca, msuweni wanga, amene amagulitsa makokonati akumwa pachipata. "Iwe Lanieta tenga agogo a ndodo ziwiri awo."

"Suchita manyazi? Mwamuna wako ali kumunda."

"Ali kumunda komweko. Pano wamuona?"

Akanapitiriza, koma mlongo wake Sairusi anadutsa atakwera hatchi. Vasemaca anangoti zii, maso pansi, mpaka ziboda zitamveka patali. Ndi mmene mkazi ndi mlongo wake amachitirana kwathu: sayang'anana kumaso, sayankhulana mwachindunji.

Ine ndimaperekeza alendo kukwera linga la Uluivatu, ntchito imene anandisiyira bambo anga a Peniasi atamwalira dzinja lapitali. Anandisiyiranso katundu wina wolemera. Pamwamba pa phiri, pafupi ndi maziko a nyumba ya makolo athu, pali mtengo wa kokonati umene bambo anabzala pamene anakwirira mchombo wa mwana wawo woyamba, Nemani. Ukwati woyambawo utatha, mayi ake a Nemani anawoloka naye nyanja ali mnyamata wa sukulu, ine ndisanabadwe, ndipo sanabwerenso. Bambo ali pamphasa anandigwira dzanja nati, "Mtengo uja usagwe mwini wake asanauone." Ndinavomera. Kenaka kunabwera namondwe. Mtengowo unapendekera panjira ya alendo, mizu ili pamtunda. A m'mudzi anandipirira miyezi yambiri, koma tsiku limeneli bambo anga aang'ono a Apisai anali atanena kuti alendo akangotsika, iwo akwera ndi nkhwangwa.

Mlendo uja atafika pachipata anandimwetulira, ine mtima unati phwii. Anati dzina lake ndi Matini. Chilankhulo chathu ankachiyankhula ngati malaya amene akhalitsa m'sutikesi, abwinobwino koma opindikapindika.

"A Matini a kuti?" anafunsa Vasemaca.

"A m'basi umu."

"Mkazi muli naye?"

"Mukufuna kundigulitsa kokonati kapena kundigula?"

Tinaseka tonse. Ndiye ndinasonkhanitsa gulu, n'kuyamba monga ndimayambira masiku onse: "Ndine Lanieta, mwana wa malemu Peniasi, ndipo phiri ili ndi la makolo anga." Nditatero, kumwetulira kuja kunazima. Mlendo anayang'ana nsapato zake, ndipo kuchokera pamenepo sanandiyang'anenso kumaso.

Tinakwera. Vasemaca ankatitsatira ndi dengu lake, akuti pamwamba ludzu limakwera mtengo. Ndinawaonetsa alendo ngalande imene makolo anakumba kuzungulira phiri, mpanda wa miyala womera ndere, ndi khomo lopapatiza limene mdani ankalowa ataweramitsa mutu. Mawu ankatuluka okha, maganizo anga ali kumbuyo kwa mzere, kumene Matini ankayenda. Azungu ankaponda pamaziko a nyumba zakale, ine n'kumawabweza. Iye ankazungulira aliwonse, ngakhale obisika m'udzu.

Ndinali nditamulakwira chiyani? Ndi Vasemaca ankaseleulana ngati anakulira nyumba imodzi. Anamunena kuti ali ndi miyendo ya nkhanu, Vasemaca n'kumubwezera kuti ndevu zake n'zobwereka. Koma akafuna kudziwa kanthu kwa ine, ankadzera kwa iye. "Tawafunsani achemwaliwa ngati chitsime cha kuseri kwa thanthwe chikadali ndi madzi." Za chitsime chimenecho ndinali ndisananene.

Ine ndimakonda kulota masana. Zaka zonsezi ndakhala ndikuganiza kuti tsiku lina basi idzatsitsa munthu wobwerera ine, osati miyala. Choncho ndinadziuza kuti mwamuna akamathawa maso a mtsikana, pali chimene chikumutentha. Titapuma pamthunzi ndinasenda kokonati ndekha, n'kumupatsira ndi manja awiri. Sanalandire.

"Angoika pamwalapo," anatero chapansipansi, akuyang'ana kumbali.

Ndinaika. Nditakhala pachipika chimene anakhalapo, anadzuka n'kukaima padzuwa. Manyazi anandigwira mpaka m'makutu.

Pamwamba mphepo inali yambiri. Mtsinje unkaoneka pansi ukukhotakhota pakati pa minda, ndipo mudzi wathu unali apo, madenga ake akuthwanima. Azungu anathamangira kuphompho kukajambula. Matini anapita molunjika kumtengo wopendekera uja. Pambali pake pali manda a bambo, ndipo nsalu za makungwa zimene tinakuta pamwamba zinali zitasuluka ndi mvula. Anaima pamenepo nthawi yaitali, kenaka anagwira thunthu la mtengo ndi chikhatho, monga mmene timagwirira mphumi ya wodwala.

"Ukudulidwa lero," ndinatero, ngakhale sanandifunse. Ndinamuuza zonse, za mchombo, za mwana amene anapita, za lonjezo langa. Sindidziwa chifukwa chake. Mwina ndinkafuna kuti andimvere chisoni, andiyang'ane kamodzi kokha.

Sanatembenuke. "Tawafunsani," anauza Vasemaca, "ngati malemuwa ankamutchula mwanayo mokwiya."

"Sankamutchula n'komwe," ndinayankha. "Koma kokonati wa mtengo uwu sankalola munthu kudya. Akagwa ankamutola, n'kukamubzala kumunsi. Mitengo yonse mwaona m'mbali mwa njira ija ndi ana a uwu."

Vasemaca anayamba kukonza makokonati m'dengu.

Kenaka mlendo anati, "Njira ya alendoyi ndi yabwino. Munthu amakwera osadzera m'mudzi, osanyamula yakona, muzu wa chakumwa chamwambo wopereka kwa akuluakulu, osafunsidwa kuti ndiwe mwana wa yani."

"N'chifukwa chake imadutsa anthu opanda kwawo," anatero Vasemaca, koma sanaseke.

Kumunsi basi inaliza hutala. Alendo anayamba kutsika, Matini ali pambuyo pawo, ndipo sanatsanzike. Ndinamuyang'ana mpaka mutu wake unalowa pakhomo lopapatiza lija. Pakhomo lomwelo panatulukira bambo aang'ono a Apisai ndi amuna awiri, atanyamula nkhwangwa ndi chingwe.

"Bambo, sabata imodzi yokha," ndinapempha.

"Mwana wanga, sabata zako zakwana chaka," anatero mofatsa. "Ukagwera mwana wa eni, tidzanena kuti chiyani? Achimwene anadikira mpaka kulowa m'manda. Iwenso ukufuna kukalambira pamtengo?"

"Ndinalonjeza."

"Unalonjeza chinthu chimene sichili m'manja mwako. Khala uko, usaone."

Ndinakakhala pafupi ndi manda, n'kupepesa bambo mumtima. Amuna aja anaponya chingwe, anachimanga, mmodzi n'kulavulira m'manja. Basi inalizanso hutala, kenaka ndinaimva ikuliza injini n'kunyamuka. Ndinaganiza kuti tsiku limodzi landilanda zinthu ziwiri, china chimene ndinasunga, china chimene sindinachigwire n'komwe.

"Taimani kaye, akuluakulu."

Anali Matini, wefuwefu, nsapato zili m'manja. Anaziika pansi, anavula magalasi, nakhala pafumbi patsogolo pa bambo aang'ono atapinda miyendo. Anawomba m'manja katatu, kuwomba kwakuya kwa kwathu, kumene mlendo saphunzira pa tsiku limodzi.

"Ndabwera chimanjamanja," anatero. "Ndilibe yakona, ndilibe dzino la namgumi lopepesera. Maliro ndinawamva mochedwa, ndipo manyazi anandiletsa kudzera m'mudzi. Ndimati ndingoona, ndibwerere. Koma musalole kuti achemwaliwa asenze mlandu wa lonjezo. Mtengowu watha, ndauona ndi maso anga. Ngati ukugwa, nkhwangwa yoyamba ikhale yanga."

Bambo aang'ono anatsamira mpini. Anamuyang'anitsitsa pamphumi, m'makutu, m'manja.

Ine ndinakula ndekha, wopanda mlongo. Panalibe mwamuna amene anadzukapo pampando chifukwa ine ndakhalapo, kapena kukana chakudya cha m'manja mwanga pondilemekeza. N'chifukwa chake tsiku lonse ulemu ndinkautcha chidani, kenaka n'kuutcha chikondi. Ndinali ndi mafunso odzaza dengu: ngati ankatikumbuka, ngati kutsidyako kuli phiri, chifukwa chimene sanabwerere bambo ali moyo. Ndinazindikira kuti sindidzamufunsa ndi pakamwa panga, ndiponso kuti kumwetulira kwa pachipata kuja kunali koyamba ndi kotsiriza. Ndinafuna kumuyang'ana kamodzinso, koma maso anga anali atatsika kale okha. Ndinkangoona mapazi ake, ndi chala chachiwiri chotalika ngati cha bambo.

"Mwana iwe," anatero bambo aang'ono, "tchula dzina lako pamaso pa mandawa."

Mlendo anatembenukira kumanda, msana wake uli kwa ine.

"Ndine Nemani, mwana wa Peniasi."