Duku la Amayi

Tamiwe anayala bulangete patebulo, nauzira makala a m'simbi mpaka anafiira. Chosita chinali chimodzi chokha: duku loyera la amayi ake. Analisita, nalitembenuza, nabwereza m'mphepete momwe munalibe ndi khwinya lomwe.

Eni ake a dukulo, a Dainess, anali atagona m'chitokosi. Dzulo lake masana apolisi anakwera phiri la kuseri kwa komboni yawo ku Chipata n'kugwira anthu a kampingo kawo ali mkati mopemphera. Ndi kagulu kochepa, kovala zoyera, kopanda tchalitchi. Okhala m'munsi mwa phirilo anadandaula za phokoso, ena n'kumati ndi anthu a Satana. Mlandu unali wosonkhana popanda chilolezo.

Madzulo ake Tamiwe anawapititsira mbatata ndi tiyi. Pakhomo la chitokosi amalanda malamba, zingwe za nsapato ndi maduku, poopa kuti munthu angadzimangirire. Koma mkazi wa mpingo umenewo sapemphera ndiponso sadya mutu uli wosafunda. Anawapeza ali pakona, manja onse awiri ataphimba kumutu, ndipo mbatata anabwerera nazo.

"Iwe, ukusita mbendera?"

Anali amalume ake, a Gideon, mphunzitsi wopuma pantchito komanso mkulu wa mpingo waukulu wa m'tauni. Anaima pakhomo, jekete atamanga mabatani onse.

"Siya kansaluko. Tenga chitenje ndi bulauzi. Mlongo wanga atuluke ngati munthu."

"Chabwino, amalume."

Anapinda chitenje ndi bulauzi, koma duku analilowetsa pansi pake m'chikwama.

M'njira a Gideon analankhula okha. Anati agogo awo anaphunzira kwa amishoni, banja lawo ladziwika ndi choko ndi nyimbo za m'buku, lero dzina lomwelo likutchulidwa kupolisi. Tamiwe ankayenda pambuyo, akulambalala njinga zonyamula makala. Iye kuphiri sanapiteko. Lamulungu ankaimba kwaya kumpingo wa amalume, mzere wakumbuyo, ndipo kusekondale anzake akamuti "mwana wa mngelo" ankangoweramira m'buku. Koma ankakumbukira kuti atamwalira abambo ake, amayi anakhala nthawi yaitali osaseka, osaimba. Nyimbo inabwerera m'nyumba atayamba kukwera phiri lija.

Pakauntala anapeza wapolisi wamkulu thupi, a Fackson, amene kale anali mwana wa sukulu wa a Gideon.

"Aphunzitsi! Mwabwera kudzatenga mngelo wanu? Angelo enawo abale awo awatenga m'mawa, watsala mmodzi, ndipo akukana chakudya chathu ndi chanu chomwe."

"Tichite bwanji, Fackson?"

"Pakufunika wowaimira, aliyense wamkulu wokhala ndi reji, chiphaso cha boma chija, wolonjeza kuti adzabwera nawo tikawaitana. Koma lero ndi Lachisanu. Abwana akachoka, ndiye mpaka Lolemba."

A Fackson anawatulutsa a Dainess. Mkanjo wawo woyera unali utada ndi fumbi la pansi, manja akadali kumutu. Pakati pa zala Tamiwe anaona imvi zimene sankadziwa kuti amayi ake ali nazo.

A Gideon anatulutsa reji yawo, koma sanaipereke.

"Dainess, ndikuimira. Koma ulumbire pano, pamaso pa boma, kuti kuphiri kuja sudzapondakonso."

"Achimwene, ndilumbire bodza?"

"Ulumbire zoona, uzisunge."

"Zimenezo si zathu, aphunzitsi," anatero a Fackson, akukanda khosi. "Ife tikungofuna wowaimira."

"Si zanu, ndi zanga. Dzina ndi langa." Anadikira. A Dainess anayang'ana pansi, ndipo a Gideon anapitiriza: "Basi, agone mpaka Lolemba. Mwina nsikidzi zimulalikira zimene ine ndalephera."

Reji inabwerera m'thumba la jekete.

Chibadwire Tamiwe anali asanabwezepo mawu kwa amalume ake. Ndiwo anamutengera kusukulu bambo ake atapita. Anatsegula chikwama, nasuntha chitenje.

"Bwana, kuno kukauntala duku n'lololedwa?"

A Fackson anayang'ana kansaluko, nayang'ana aphunzitsi awo akale.

"Kuno si m'chitokosi, mwanawe."

Tamiwe anawamanga amayi ake dukulo monga amamangira okha, mfundo kumbuyo, makutu osaoneka. A Dainess anatsitsa manja pang'onopang'ono, mapewa atauma, napumira m'mwamba.

"Tamiwe! Ndinakuuza chiyani kunyumba?" anakalipa a Gideon.

Mawu a Tamiwe anayamba kutuluka aang'ono, moti a Fackson anachita kusendera.

"Amalume, ine kuphiri sindipita, ndipo zina zimene amaimba kumeneko sindizimvetsa. Lamulungu mundipeza kukwaya ngati kale. Koma amayi sanabe kanthu, sanamenye munthu. Akhala ndi njala chidzulo chifukwa cha kansalu aka, ndiye inu mukufuna kuwavula ndi chimene chatsala. Munati atuluke ngati munthu. Munthuyo ndi ameneyu, ndi duku lake."

Anapisa m'chikwama, naika reji yake pakauntala.

"Yanga nayi, bwana. Ndine wamkulu. Amayi anga ndiwaimira ndine, ndipo sindiwalumbiritsa kanthu."