Zitseko za M'magazi a Mwatitha

Mwatitha analota dzuwa lili paliwombo, atakhala pa benchi la chipatala, buku lake la kuchipatala lili pamiyendo. Matenda ake anali lupasi, aja thupi limadziukira lokha. Miyezi isanu ndi itatu akumwa mapiritsi a puledinisoloni, nkhope inatupa ngati chitumbuwa, koma impso zinkangofookerabe. Adokotala ankati mwina samwa. Mwamuna wake naye ankatero. Zimenezi zinkamuwawa kuposa mafupa.

M'malotomo namwino anamutenga magazi, ndipo kabotolo ka magaziwo kanali ndi khomo. Mwatitha anavula nsapato n'kulowa.

Mkati munali mudzi wofiira, nyumba zili ndandanda, mtsinje ukuyenda pakati pa msewu. Mapiritsi onse amene anamwa chiyambire anali momwemo, atavala zoyera, lililonse litaima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Odi," ankatero mapiritsiwo. "Odi kuno."

Palibe ankayankha. Ndipo inu mukudziwa, mlendo woleredwa bwino salowa asanamve kuti lowani. Ena anali chiimire kuyambira Malichi, ndere itawamera m'mapazi.

Kumapeto kwa mzere kunali malume ake, a Chikakuda, amene anatisiya zaka zinayi zapitazo. Ali moyo ankapopera mankhwala a udzudzu m'nyumba za anthu, ndipo nyumba yokana ankailemba ndi choko pachitseko. Ntchitoyo sanaisiye ayi, munthu uja kukhala chabe sankakudziwa. Ankangoyenda ndi choko chawo, chitseko chilichonse mtanda.

"Mwafika, mwana wa mlongo wanga," anatero.

"Ndafika, malume. Akuti sindimwa mankhwala."

"Mumamwa. Alendo anu ndi awa, ndawaona ndi maso anga. Koma eni nyumba akana. Mukawonjezera ena mungodzaza bwalo. Impso zanu zili kuseri uko, madzi afika kale m'mawindo."

"Ndiye nditani?"

"Mukawauze adokotala asiye kuyang'ana pakamwa panu. Ayang'ane zitseko. Chizindikiro chili m'magazi momwemu, ndalemba moonekera. Akachiona atumize alendo amtundu wina, madzi asanafike kudenga."

Atatero anatembenuka n'kupitiriza kulemba.

Namwino anaitana dzina lake. Mwatitha anadzidzimuka pa benchi paja, natola buku lake, nalowa. Anapeza adokotala atayamba kale kulemba kuti mapiritsi akhale asanu ndi atatu m'malo mwa asanu ndi limodzi.

"Mayi, lero tiuzane zoona," anatero adokotala osadzutsa mutu. "Mumamwa?"

Mwatitha anali atatopa nako kulumbira. Anangopinda mkono wa bulauzi, natambasula mkono patebulo. Pamtsempha paja, chapansipansi, panamveka mawu ambirimbiri, aulemu, osasa.

"Odi. Odi kuno."

Adokotala anavula magalasi, namvetsera nthawi yaitali. Kenako anakhwatcha zimene analemba zija, naitanitsa kabotolo kotengera magazi.