Mutupo Wobwereka

Lestina ankatolera mbale pamene Mai Evidence, tete wake wa Tafadzwa, ndiye kuti azakhali ake, anakonza manja kuti aombe.

Kwa Ashona munthu akadya amathokoza wophika pomutchula mutupo, chiwongo cha makolo ake. Tafadzwa ankadziwa kuti funsoli libwera. M'basi yochokera ku Karoi anali atamunong'oneza kale bwenzi lakelo: "Akakufunsa udzati Shumba, mutupo wa mkango. Lero lokha, Lesi. Tikakwatirana aiwala."

"Mpunga wakoma, muroora," anatero tete, kumutchula mtengwa m'Chishona. "Tithokoze yani? Mutupo wako?"

Lestina anayang'ana Tafadzwa. Mnyamatayo maso anali pa fupa la nkhuku.

"Ndine Nambewe. Agogo anachokera ku Dedza."

Manja a tete anagwera pamiyendo.

"Heee! Tafadzwa, watibweretsera mubhurandaya, mwana wa obwera a kukomboni? Anthu opanda mutupo! Ana ako tidzawapereka kwa mizimu iti?"

"Akungocheza, tete," anafulumira Tafadzwa. "Ndi Shumba ameneyu."

"Shumba wake uti? Unandibereka ndiwe?" anamudula Lestina.

Tete anatsitsa mawu, n'kumwetulira.

"Sitikudani ayi, mwanangu. Anthu a kwanu ngolimbikira. Fodya wathu mumasankha ndinu, chimbudzi chikadzadza timaitana inu. Koma mlendo azidziwa malo ake. Tinazipeza choncho."

"Kwathu amati mlendo ndi mame," anayankha Lestina. "Nanga mame anji osauma? Agogo agona kuseri kwa shedi ya fodya. Amayi anabadwira pafamu, ine pomwepo. Mwadya mpaka kunyambita zala. Manja awa akome mumphika, aipe ponyamula mwana wa m'banja mwanu?"

Tafadzwa anamukoka nsalu. "Ukundichititsa manyazi."

"Manyazi? Tete akunena zomwe anayamwa. Iwe ukundidziwa, umadya kwa amayi anga, koma wafuna kundilowetsa m'nyumba ngati katundu wakuba."

Panja nkhuku inkapalasa.

Lestina anaika mbale pansi. Anagwada bwinobwino monga anamulangira amayi ake, naomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo Nambewe, mwaphika. Zikomo a Mbewe a ku Dedza, munalera."

Anadzuka, nakutumula fumbi m'mawondo, natenga chikwama chake. Pakhomo anatembenuka.

"Lole ya mabelo a fodya ikudutsa posachedwa. Ukubwera?"

Tafadzwa anaimirira. Tete anakhosomola pang'ono chabe. Mnyamatayo anakhalanso pansi.

Lestina sanafunsenso. Analunjika kumsewu.