Magazi m'Chikho

Mlamu wanga Nevers anamenya mng'ono wanga Lyness chifukwa cha mkanjo. Inde, mkanjo, nsalu chabe, uja woyera amavala Lamulungu akamathandiza wansembe kuguwa. Lyness anauchapa Loweruka m'mawa n'kuuyanika kuseri kwa nyumba yawo ku Kasanda, kuno ku Kabwe. Ndiye aliyense wokhala ku Kasanda amadziwa zimene mphepo ya mu Ogasiti imachita. Imakokolola fumbi lakuda pamulu wa mgodi wakale uja n'kulimwaza paliponse, m'mbale, m'maso, pa zovala zoyanika. Pofika masana mkanjo unali utatuwa ngati chikolopa.

Ine ndinachokera ku Ngungu, kumene ndimagulitsa salaula, zovala za kaunjika, kudzangomuona mwana wa mayi anga. Ndisanatsegule geti ndinamva chinthu chikugunda khoma. Mayi wa nyumba yoyandikana anali kusesa pabwalo losesa kale, wailesi atakweza mpaka kumapeto. Atandiona anayang'ana kumbali.

Ndinakankha chitseko. Lyness anali pansi, pakati pa mpando ndi mbaula, manja ataphimba kumutu. Nevers anali atamuimirira ndi pampu ya njinga, yachitsulo ija, itapindika kale. Anamukwapula nayo pamsana ine ndikuona. Lyness atamva mawu anga anadzutsa mutu, ndipo pampu inamupeza pakamwa penipeni. Mlomo unang'ambika, magazi n'kuthira pa bulauzi.

"Alamu, mwapenga?"

Ndinamugwira mkono. Anandikankha, ndinakagunda kabati, makapu n'kugwa. Ine mtima wanga ndi wapachala, kwathu konse amadziwa. Ndinanyamula ketulo imene inali kuwira pa mbaula.

"Mukangomukhudzanso ndikusambitsani nayo," ndinatero. "Yesani muone."

Anayang'ana ketulo, anayang'ana ine, kenako anaika pampu pa tebulo bwinobwino n'kukonza kolala ya shati. Chimene chimandinyansa mwa munthu ameneyu n'chakuti mkwiyo wake umazima ngati getsi. Anayankhula ndi mawu ake ofatsa aja owerengera Mawu a Mulungu.

"A Dailes, izi n'zapabanja. Mawa ndikaima bwanji kuguwa ndi chisanza chotere?" Kenako anatembenukira kwa mkazi wake. "Uuchapenso. Uume ndithu, uusite."

Anatulutsa njinga n'kupita kumsonkhano wa atumiki.

Aka sikanali koyamba. Chaka chatha inali nthiti. Pa Pasaka linali khutu lakumanzere, limene mpaka lero silimva bwino. Nthawi iliyonse amaonjezera pang'ono. Ndinamukhazika Lyness pa mpando, ndikumupukuta ndi madzi amchere, n'kumuuza mosapsatira.

"Munthu uyu adzakupha. Longedza, tiye ku Ngungu lero lomwe."

"Ndipite bwanji, asisi?" Mawu ankatuluka movutikira, mlomo unali utayamba kutupa. "Mkazi wa mtumiki wa kuguwa athawe banja? Amayi Phoebe adzati chiyani?"

Amayi Phoebe ndi wapampando wa bungwe la amayi la Mothers' Union paparishi pathu, komanso ndi amene anamulangiza Lyness pokwatiwa. Lyness anathawirako kwa iwo kawiri, ndipo kawiri konse anamubweza ndi pemphero ndi mawu oti banja ndi kupirira. Ndinalankhula mpaka kukhosi kunauma, koma mng'ono wanga anadzuka, anatunga madzi, n'kuyamba kuchapanso mkanjo uja. Ankachapa atapotoza khosi kumbali kuti magazi asadonthere m'beseni. Ndinalira, koma kunali kulira kwaukali. Tsiku limenelo sindinabwerere ku Ngungu.

M'mawa mwake mlomo unali ngati tomato wophwanyika. Nevers anapita ku kabati n'kutulutsa masiki yotsala nthawi ya korona ija.

"Vala. Akakufunsa unene kuti ndi chimfine. Ndipo Mgonero ukalandire, anthu asayambe mafunso."

Pamenepo ankanena zoona. Paparishi pathu mkazi wa mtumiki akangokhala pabenchi anzake akupita kukalandira, isanakwane nthawi ya chakudya chamasana Kasanda yense amakhala atadziwa kuti nyumba ija yayaka moto. Masabata onse timakhala ndi zikho ziwiri. Nevers amamwetsa kumanja, mtumiki mnzake a Stephen kumanzere, ndipo Lyness amagwada kumanzere. Koma sabata imeneyo a Stephen anali kumaliro ku Petauke. Chikho chinali chimodzi, ndipo chinali m'manja mwa Nevers. Komanso ndi nzeru zake zonse zija, mlamu wanga anaiwala kuti munthu samwa atavala masiki.

Misa yathu ya m'mawa ndi ya Chinyanja. Timabwerako ndife adzukulu a anthu aja anachoka ku Katete ndi ku Chipata kudzagwira ntchito ya njanji ndi ya mgodi. Nevers anawerenga kalata ya Paulo, mkanjo uli mbee, mawu akugwa ngati mafuta. Azimayi kumbuyo kwanga ankang'ung'udza kuti munthu uja ali ndi mphatso. Itakwana nthawi yopatsana mtendere anatsika kuguwa n'kumagwira anthu chanza mmodzimmodzi. Atafika pa ine anatambasula dzanja lomwe lija.

"Mtendere wa Ambuye, a Dailes."

Ndinapinda manja anga pachifuwa. Anamwetulira n'kupitirira.

Tinapita kukagwada kutsogolo. Lyness anali kumayambiriro kwa mzere, kenako amayi Phoebe ndi yunifolomu yawo yositidwa bwino, kenako ine. Bambo Febian, wansembe wathu, ndi wachinyamata ndipo sanakhalitse paparishi. Anabwera ndi mkate. Lyness anatsitsa masiki. Ndinaona dzanja la Bambo likuima m'malere, maso ali pa mlomo uja.

"Thupi la Khristu," anatero motsitsa.

Lyness analandira n'kuulowetsa cha m'mbali mwa tsaya.

Kumbuyo kwawo kunabwera Nevers ndi chikho ndi kansalu koyera kopukutira. Tsono m'tchalitchi sitinena kuti magazi. Magazi ndi a mbuzi, ndi a munthu amene wagundidwa ndi minibasi pamsewu. A Ambuye timati mwazi, ndipo kuyambira tili ana sitinasokonezepo mawu awiriwa.

"Mwazi wa Khristu," anatero Nevers kwa mkazi wake.

Ankafuna kuti amwe msanga aphimbe kukamwa, ndiye anakankha chikho mwamphamvu. Mkombero wachitsulo unagunda pabala paja, nkhanambo n'kusupuka. Magazi anatsikira m'chikho, osati dontho limodzi ayi, anachita kuyenderera. Nevers anachotsa chikho mwachangu n'kupukuta mkombero, kansalu koyera kaja n'kufiira. Anakapinda kuti pofiirapo pabisike, anatembenuza chikho, n'kusunthira kwa amayi Phoebe ngati palibe chachitika.

"Mwazi wa Khristu."

Amayi Phoebe sanakweze manja. Anasuzumira m'chikho, anayang'ana kansalu, kenako anatembenuka n'kumuyang'ana Lyness nthawi yaitali. Magazi anali kudontha kuchibwano kugwera pa manja ake opinda aja.

"Uwu si mwazi, mwana wanga," anatero. "Awa ndi magazi a Lyness."

Sanakuwe. Koma kwaya inali itangomaliza ndime, m'tchalitchi muli zii, ndipo mawuwo anamveka mpaka kumabenchi akumbuyo.

Nevers anawerama n'kunong'oneza mkazi wake, mano atalumana. "Vala masiki." Lyness anayesa, koma masiki inamupulumuka n'kugwa pansi. "Ndati vala. Tikaonana kunyumba."

Mawu amenewo ndi amene anandidzutsa. Ndinkadziwa chimene chikachitike kunyumbako, ndipo ulendo uno sindinkakhulupirira kuti ndikamupeza akupuma.

"Uzani mpingo chimene mwamumenyera, alamu," ndinatero mokweza. "Nenani za mkanjo mwavalawo. Auzeni kuti wauchapa kangati, ndipo kachiwiri anauchapa ali bwanji."

Anadzutsa mutu n'kuona tchalitchi chonse chikumuyang'ana. Nkhope yake inasintha, ya kunyumba ija inabwera. Ndinaganiza kuti andimenya ine, ndipo ndinali wokonzeka. Koma anthu oterewa amadziwa pofewa. Anakweza chikho n'kumumenya nacho Lyness kumaso. Vinyo anamwazika, chikho chinagubuduzika pa simenti, Lyness n'kugwa chagada, mutu n'kugunda mwendo wa benchi. Nevers analumpha chotchinga chija timagwadapo n'kumuponda m'nthiti ndi nsapato.

Ndinamulumphira kumsana. Ndinamukoka kolala ya mkanjo mpaka unang'ambika kufika m'chiuno, ndinamuluma khutu, ndipo sindipepesa. Anandigwetsa ndi chigongono, m'maso mwanga n'kuchita mdima. Pamene ndimadzuka ndinapeza amayi Phoebe, ndi zaka zawo zonse zija, akumusambwadza ndi ambulera pamutu mpaka inathyoka. Azimayi ena a yunifolomu anamugwira miyendo n'kumukokera pakati pa mabenchi. Ana ankalira, benchi ina inagwa, wina anataya nsapato.

Nanga azibambo? Akuluakulu a mpingo atatu anathamangadi kutsogolo, ndipo ndinati Mulungu ngwabwino, thandizo lafika. Anamudutsa Lyness. Mmodzi anachita kulumpha miyendo yake. Ankathamangira chikho.

"Musaponde! Musaponde Mwazi!" anakuwa a Petson, mkulu wa mpingo, manja atatambasula.

Anazungulira pamene vinyo anatayika, anagwada, n'kuyamba kupukuta ndi nsalu za kuguwa mwaulemu waukulu. Tinaphunzitsidwa choncho, vinyo wodalitsidwa sapondedwa. Koma simenti ya pamenepo ndi yotsetsereka, ndipo magazi a pamphumi pa Lyness anayenderera n'kukakumana ndi vinyo uja. A Petson anafika pamene ziwirizo zinasakanikirana n'kuima, nsalu ili m'manja, osadziwa polekezera. Ndinawayang'ana ndipo ndinadana nawo kuposa Nevers.

Bambo Febian okha ndi amene anagwada pa Lyness. Anamunyamula mutu n'kuuika pamiyendo pawo, anatenga kansalu kopukutira chikho n'kukanikiza pabala. Anauza mayi wina kuti aimbire takisi ndiponso apolisi.

Mawu oti apolisi anawadzutsa a Petson. Panthawiyo Nevers anali atakhala pabenchi, azibambo awiri a kwaya atamugwira, khutu likuchucha, akulira misozi yeniyeni n'kumati Satana wamuyesa.

"Bambo, pepani," anatero a Petson. "Apolisi asalowe m'nyumba ya Mulungu. Mawa Kabwe yense adzakhala akunena za parishi yathu. Munthu walapa, mukumuona nokha. Akhululukirane pomwe pano, tiwapempherere, apite kwawo."

Bambo anati nkhani yafika pamenepa si yothera pa pemphero lokha. Koma a Petson anali atagwada kale pafupi ndi Lyness, dzanja atatambasula ngati wopempha mchere.

"Mayi, ndinu mkazi wachikhristu. Mawu amodzi okha. Nenani kuti mwawakhululukira amuna anu, zithere pano."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwatukwane, koma amayi Phoebe anandigwira mkono. Chitambala chawo chinali chitagwa, imvi zili poyera, akupuma mwabefu.

"Musiyeni ayankhe yekha," anatero. "Ine ndamuyankhira mokwanira."

Ndinachita mantha. Mng'ono wanga ndimamudziwa, sanakanepo munthu wamkulu chibadwire. Akanangoti inde, akanakwezedwa pa kaliyala ya njinga ija masana omwewo, ndipo palibe wapolisi, wansembe kapena ine amene akanamuletsa. Maso onse anali pa Lyness. Nevers naye analeka kulira, akudikira.

Lyness anadzuka pang'onopang'ono n'kukhala tsonga. Diso limodzi linali litatsekeka. Analowetsa zala ziwiri m'kamwa, anagwedeza, anakoka, n'kutulutsa dzino lakutsogolo limene chikho chinathyola. Analiika m'dzanja la a Petson lotambasula lija n'kuwapinditsa zala.

"Mukawapatse a Nevers," anatero. "Changa chomaliza chimene atenge ndi chimenechi."

Kenako anandiyang'ana ndi diso lotsalalo. "Asisi, ndidzutseni."

Ndinamugwira mbali imodzi, amayi Phoebe mbali inayo, ndipo tinayenda naye pakati pa mabenchi, anthu akupatuka. Takisi inali itafika pageti. A Petson tinawasiya chigwadire kutsogolo kuja, dzino lili m'manja, akusowa poliika.