Ku Joni Nkufupi

A Jeremiah a ku Yofu, pachilumba cha m'nyanja, Joni ankaidziwa ndi miyendo yawo. Pa unyamata wawo anapitako kumigodi, ulendo wa sitima ndi malole, mpaka mapazi kutupa. Ndiye mwana wawo Eliness atadwala kumeneko, mkamwini wawo Eston nkumanena pa foni kuti kunoko nkutali, wodwala sangafike wamoyo, iwo sanatsutse. Eliness naye analirapo pa foni kuti akufuna kwawo. Bambo akewo anamuuza kuti ayambe wapezako bwino.

Anabwera m'bokosi, chaka cha 2006. Eston anakaniza kutsegula, ati madokotala aletsa. Amayi osambitsa maliro anatsegulabe. Anatuluka m'nyumbamo osayang'ana munthu, koma mmodzi anawakokera a Jeremiah kuseri. Mano akutsogolo palibe, anatero, nthiti zikuchita kusuntha ukagwira, pakhosi pali zala za munthu.

A Jeremiah anaperekeza bokosilo mpaka kumanda. Maso awo anali pa Mwaiwathu, kamtsikana ka malemuyo, kamene munthu akangokweza dzanja kankabisa mutu.

Mawa lake abale atakhala pabwalo, Eston anati mwanayo abwerera naye, sukulu yabwino ili konko. A Jeremiah anati mwana ndi wa kuchikazi, atsala. Eston anaseka pang'ono, kiyi akuzunguza pachala.

"Apongozi, musadandaule. Ku Joni nkufupi masiku ano. Pandege kuchoka Joni kufika Lilongwe ndi maola awiri basi. Mukamufuna, ndimutumiza."

"Mwati angati, akamwini?"

"Awiri. Mwina ndi theka."

Maola awiri! Iwo amathera kuposa apo akusoka ukonde umodzi. Eliness akanakwera mmawa, dzuwa lisanafike pamutu ali kale pa dziko lakwawo, kumene abale ake akanakamutenga.

Nkhafi yopalasira bwato inali yotsamira pamtengo wa mango. Palibe anawaona a Jeremiah akudzuka. Yoyamba inagwera pakamwa pa Eston, mano nkuwazika pamchenga. Eston anatchinga ndi mkono, mkonowo unalira ngati nkhuni youma. Anakwawa kulowera kuchinangwa, mkuluyo ali pambuyo, kumenya nthiti, kumenya msana, osatukwana, kumangopuma ngati akupalasa pa mwera. Nkhafi itathyoka anatola mwala. Anawagwira amuna anayi, mmodzi nkulumidwa chala.

Apolisi anawayendetsa pansi mpaka ku Chipyela, malaya ali magazi okhaokha. Za mano ndi nthiti za Eliness anafotokoza, koma anawayankha kuti munthu waikidwa kale, ndipo zinachitikira dziko lina.

Tsiku la sitima linawapeza adakali m'chitokosi. Mng'ono wawo Matias anabwera ndi chinangwa chophika, anakhala kunja kwa zitsulo osadya. A Jeremiah anafunsa za mwana. Matias anati akuchimuna anabwera ambiri, Eston ali pakati ndi mkono womanga, ndipo pakhomo panalibe woti awaimire.

"Wapita?"

"Akwera kale boti lopita kusitima."

Anafunsa ngati mwanayo analira. Matias anati ayi, sanalire, anangogwira chikwama cha bambo ake monga anamuuzira.