Chipinda cha Pepo Awiri

Ndinali kuchapa ovolosi ya amuna anga, a Wadson, pamene a Abdulrahim anaimitsa njinga pakhomo. Ndiwo anawapatsa ntchito yopenta chipinda cha mwana wawo, yemwe amakwatira Loweruka likudzalo.

"Abambo alipo, mayi? Chipinda chija chatuluka mawangamawanga."

A Wadson anatuluka akupukusa mutu. "Sizingatheke. Penti wake ndi mmodzi."

Tinapita tonse kwa a Abdulrahim ku Rivirivi. Njira yonse ndinkapemphera chamumtima, pakuti kwa miyezi ndithu ndinkawaona amuna anga akupapasa sopo, akuthira tiyi pambali pa kapu. Sindinanenepo kanthu. Ndinkangosuntha kapuyo. Wopenta akamveka kuti maso atha, ndani angamuitanenso?

M'chipindamo munali zitini ziwiri, zonse zotsegula. Mayi Zaina, akazi a a Abdulrahim, anafotokoza ndi mawu otopa. Anagula ziwiri ku Balaka kuti ayerekeze: pepo wonga biringanya, ndi wina woderapo, wonga jambula wakupsa. Anasankha wa biringanya. Koma khoma la pawindo linali jambula, linzake biringanya, ndipo pakona mitunduyo inakwerana.

"Tauzeni, bambo," anatero mayiwo, "khoma ili mwapaka uti?"

Amuna anga anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda khoma. Anabwerera m'mbuyo. Anayandikiranso.

"Ndi kuwala kwa pawindoku."

"Iyayi, windo musalinamizire. Ine ndatopa kale ndi ukwatiwu."

A Abdulrahim anatseka chitseko kuti achibale omwe ankapeta mpunga panja asamve, kenako anakokera amuna anga mpando. Mulungu awakumbukire pa chitseko chimenecho.

"Maso anayamba liti, achimwene?" anafunsa motsitsa mawu.

A Wadson anakhala pansi, manja pamaondo. Penti anali adakali m'zikhadabo.

"Amake Ida, mumadziwa?" anandifunsa.

"Ndimadziwa."

Mayi Zaina anatuluka, nabwera ndi madzi akumwa, n'kuwagwiritsa amuna anga kapu m'manja mwenimweni.

"Kwa ine makoma onsewa ndi akuda," anatero amuna anga atamwa. "Ntchito yanu ndinailandira ndikudziwa. Ndimaopa kukhala pakhomo ngati katundu. Bambo Abdulrahim, mayi, ndawononga chipinda cha mwana wanu. Ndikhululukireni."